Nkhope ya Yona pa Mzere wa Palafini

Zolozolo, Mzuzu
Ogasiti 1988

Wokondedwa mng'ono wanga Eness,

Landira moni wochuluka kuchokera kuno kozizira. Uli bwanji kumeneko ku Kitwe? Alamu anga akudzuka bwanji, nanga kakhandako kakuyamwa bwino? Unalemba kuti katengera mphuno ya bambo ake. Pepa mng'ono wanga, tingopemphera kuti nzeru katengere zako.

Kuno mwana wanga Tamara wachira chifuwa chija, wabwerera kusukulu. Amayi akudzuka, ayambanso kudya. Ineyo ndilipo, koma ukandifunsa ngati ndili bwino sindikudziwa chokuyankha. Werenga kaye, mwina iweyo undiuza.

Usadabwe kuona sitampa ya kwanu komweko pa envulopu. Kalatayi sinadzere ku positi ya kuno. Ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akupita ku Lundazi kukaona mwana wake, akaiponye akadutsa malire. Ukamayankha ulembe za mwana ndi za mvula basi.

Za imfa ya Yona unamva pa telegalamu, ndipo ndikudziwa kuti unalira wekha kumeneko uli m'chikuta. Palibe amene anakudandaula kuti sunabwere. Koma telegalamu imaumira mawu, ndipo zimene zachitika kuchokera tsiku limenelo zandiimika mutu.

Mlongo wathu anabwera m'bokosi lokhomeratu, lokutidwa ndi mbendera. Asilikali anzake amene anamuperekeza kuchokera kumene ankalondera njanji ku Mozambique kuja anali aulemu ndithu, anagwada polankhula ndi amayi. Koma anati bokosi silitsegulidwa. Amalume a Blackson, amene anabwera kuchokera kwathu ku Dowa, anawanyengerera kuti angotsegulako kumutu, amayi okha aone. Mkulu wa asilikaliwo anayankha misozi ili m'maso kuti pokanapo akutichitira chifundo, tisafunsenso.

Ndiye mwambo woona nkhope sunachitike. Tinaimba, abusa analalikira, mfuti zinalira kumanda, tinamuika pafupi ndi abambo. Nthawi yonseyi amayi anangokhala pamphasa maso ali gwa, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Amayi a Umanyano a kutchalitchi kwathu atawafunsa, amayi athu anati iwo anabereka mwana, sanabereke matabwa. Anati sanaone nkhope, ndiye alira yani.

Itakwana nthawi yometa anakana. Anati lumo silikhudza mutu wawo mpaka ataona mwana wawo. Ukudziwa kuti amayi asanamete palibe angamete, choncho tonse tinangokhala, maliro osatha. Amalume analephera kubwerera. Ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, kunyoza kuzizira kwa Mzuzu ndi kudandaula fodya wawo.

Wina wopanda chochita anawatsina khutu amayi kuti mabokosi ena ochokera kunkhondo mumakhala miyala, mwini wake ali moyo kutchire. Basi, m'mawa uliwonse anayamba kupita kudepoti kukaima pamene basi ya ku Lilongwe imatsitsira anthu. Tsiku lina anagwira dzanja msilikali wa eni ake akutsika, mpaka mnyamatayo anawaperekeza kuno kunyumba. Ndiwo za Yona ankapatula m'mbale n'kuvundikira. Anaonda, Eness, mpaka mphete ya abambo inayamba kuvuka yokha.

Ine ndi nzeru zanga ndinatenga chithunzi cha Yona chija alamu ako anamujambula mu situdiyo atangolowa usilikali, ndikuti mwina chiwaliritsa. Anachiyang'ana n'kundibwezera. Anati ameneyu ndi msilikali wa boma, akhoza kukhala mwana wa aliyense. Chipewa chabisa chipumi, pakamwa patsekedwa, pomwe Yona wawo chibadwire sanatsekepo pakamwa ngakhale m'tchalitchi.

Apa ndiyenera kukuuza za alamu ako a Whyte Thole, bambo a Tamara, amene unkandiseka nawo kuti ndakwatiwa ndi munthu wa ku Nkhata Bay wodziwa kusita malaya kuposa kugwira khasu.

Situdiyo yawo ya kuseri kwa msika ukuikumbukira. Nsalu ya kukhoma yojambulidwa ndege ndi nyumba zosanjikizana, tayi imodzi, ndi wailesi yakufa yopanda mabatire. Theka la Mzuzu linajambulitsa litavala tayi imeneyo, litanyamula wailesi imeneyo. Ntchito imene ndimaidziwa ine ndi imeneyo, ndipo inkatidyetsa.

Koma chitsekereni njira za katundu nkhondo ya kwa anzathuwa, zinthu kuno zasowa. Shuga, sopo, mchere, palafini, chilichonse ndi mzere. Ngakhale ulusi wolukira majuzi anga a kumsika ndimachita kumasula majuzi akale. Anthu anasiya kujambulitsa. Munthu wopanda sopo safuna chithunzi.

Ndiye alamu ako, m'malo mosunga mafilimu ochepa otsalawo kudikira ukwati wa wina, anayamba kuyenda nawo m'tauni kujambula anthu amene sanawapemphe. Kamera yawo ndi yakale ija yolendewera pamimba, imene munthu amasuzumira pamwamba ngati akuyang'ana mumphika. Munthu woweramayo palibe amamuganizira kuti akujambula, amangoti akukonza lamba. Anajambula amayi otola makala ogwa mumsewu, madalaivala atagona pansi pa malole kudikira dizilo, ana akugawana kachidutswa ka sopo pampopi ku Chibavi, akazi a asilikali ataima pachipata cha kampu kudikira nkhani za amuna awo.

Palibe anasamba, palibe anamwetulira, palibe analipira. Mpaka ineyo anandijambula, ndili pakhonde ulusi uli kukamwa, duku litapendekeka ngati ndamenyedwa. Chithunzicho ndinachiponya pambaula. Anangoima n'kumachionerera chikupsa, nati chinali chokongola kuposa cha ukwati wathu. Sindinawaphikire tsiku limenelo.

Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anati, mama, ana a Tamara akadzaona za mu situdiyo zokha adzati agogo awo onse anali ndi tayi ndi wailesi. Ndinati nanga si bwino adzatero, kusiyana n'kudzationa ndi zigamba? Anangoseka nati yewo. Mpaka lero sindikudziwa kuti wolondola ndani.

Chimene ndinkadziwa n'chakuti zithunzi zoterozo zimaika munthu m'mavuto. Wailesi imati m'dziko muno zonse zilipo. Iwe ukabwera ndi chithunzi cha mzere wa anthu osavala nsapato ndiye kuti ukuti wailesi ikunama, ndipo funso lotsatira ndi lakuti ukufuna kuchitumiza kwa yani kunja. Choncho alamu ako ankazisunga m'chitini cha mabisiketi kusitudiyo, ine n'kumachita ngati sindikudziwa.

Tsiku lina masana, amayi atabwerako kudepoti, alamu ako anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutulutsa chithunzi chimodzi m'jekete. Unali mzere wa palafini pagolosale ina ya m'tauni, dzinja lapitali, Yona ali patchuthi chake chomaliza. Anthu osawerengeka, aliyense ndi botolo lopanda kanthu. Pakhomo paima mnyamata wa chipani ndi ndodo, akuona makadi a chipani, ndipo mayi wina wabwezedwa, wagwira kumutu. Pakati pa mzerewo pali amayi athu. Pambali pawo pali Yona atavala malaya wamba, akuseka.

Ndinati amayi aone chimenechi, koma osati chonse. Ndinawauza alamu ako kuti akulitse mutu wa Yona wokha, zinazo zitsale mumdima momwemo.

Anayesa. Anadzitsekera m'kachipinda kawo kotsukira zithunzi, kamene tinadula kubafa kuno kunyumba, natuluka ndi pepala lalikulu. Koma Yona anali patali pojambulapo, ndipo mutu wake pafilimu ndi wochepa ngati njere ya mapira. Ataukulitsa unangomwazika, n'kukhala timadontho ngati mchenga, maso mabowo awiri akuda. Amayi atachiona anatembenukira kukhoma nati tichotse, tisawabweretsere mzukwa m'nyumba.

Ndiye ndinatenga sizasi yanga n'kudula Yona pachithunzi chaching'ono chija. Kanatsala kamunthu konga chala, mkono umodzi utaduka chifukwa unali paphewa pa amayi. Kameneko sindinawaonetse n'komwe, kanandiopsa ndekha.

Alamu ako ndi amene anatopa nazo. Osandifunsa, anatsuka chithunzi chonse, chachikulu, mzere wonse ndi ndodo yomwe. Analowa m'nyumba, anagwada patali monga mkamwini, nachikankhira pamphasa. Anati, amama, phepani chomene, chimene ndili nacho ndi ichi.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa botolo limene Yona wanyamula, nati botolo ilo ndi lawo, lotsekera chitsononkho. Anati tsiku limenelo Yona anawalanda botolo n'kuwauza kuti msilikali saopa mzere, ndipo anaseketsa anthu mpaka palafini anatha iwo asanafike pakhomo, koma onse anabwerera akuseka. Anati taonani waimira mwendo umodzi ngati bambo ake. Atatero analira, Eness. Kulira kwenikweni kwa maliro, mpaka aneba anathamangira kuno poyesa kwagwanso zina.

Ndinati Mulungu wayankha, ndipo ndinawayang'ana alamu ako ndi maso ena, ndikuti mwina wamisala anaonadi nkhondo. Ndinafulumira kukondwa.

M'mawa mwake amayi anaitana amalume nati avomera kumeta. Koma anati anthu onse amene anabwera kumaliro anamanidwa nkhope. Choncho tsiku lometalo chithunzi chiikidwe pampando pabwalo, anthu adutse mmodzimmodzi monga zimakhalira bokosi lisanatsekedwe.

Ndinawachonderera. Ndinawauza kuti kudzabwera a chipani, ndipo chithunzicho chikhoza kumangitsa apongozi awo. Anandifunsa ngati a chipaniwo alibe ana. Anati iwo sakuona mzere pamenepo, akuona mwana wawo, ndipo sakumvetsa kuti boma lingakwiye bwanji ndi nkhope ya munthu amene wafera boma lomwelo. Amalume anati za m'tauni sazidziwa, chimene akufuna n'kumeta azipita.

Ndinatembenukira kwa alamu ako ndikuyembekeza kuti akana, poti khosi ndi lawo. Anati chithunzi chimene palibe wachiona ndiye kuti sichinajambulidwe. Ndinafuna kuwagenda ndi chipande. Khoswe anali atakhala pamkhate. Ndikateteza mwamuna ndipha amayi, ndikasangalatsa amayi ndapereka mwamuna.

Tsikulo linafika, Loweruka la nkhungu. Tinayala nsalu yoyera pampando, chithunzi pamwamba, amayi a Umanyano akuimba chapansipansi. Anthu anandanda kuchokera pampanda mpaka kumsewu.

Zimene zinachitika sindinaziyembekezere. Munthu amafika, amawerama kuti aone Yona, kenako amangoima osasuntha chifukwa wadziona yekha. Mayi wina anati, a-a, ndine uyu, na chitenje chakubwereka. Wina anapeza mwana wake, wina mnzake amene anasamuka. Ena ankaseka n'kudzigwira pakamwa pokumbukira kuti ali pamaliro. Ena ankalira, kaya ankalirira Yona kaya mapazi awo ong'aluka. Ndinaima kumbuyo kwa mpando osadziwa ngati tikumulemekeza mlongo wathu kapena tikumunyoza.

Chakumapeto anafika a Frackson Nyirongo, tcheyamani wa chipani m'dera lathu lino. Sukuwadziwa, anasamukira kuno iwe utapita. Sindinawaonepo ngati munthu woipa. Ndi amene anatibwereka mabenchi, ndipo ananyamula nawo bokosi. Mkazi wawo Martha, mnzanga amene tinkaluka limodzi, anamwalira pobereka mvula ili pakutha.

Anawerama, nakhala choweramacho mpaka nyimbo inatha, ina n'kuyamba. Ndinasuzumira kumene akuyang'ana. Kumbuyo kwa amayi athu pamzerepo paima Martha, ali ndi pakati, dzanja lina m'chiuno, lina botolo. Ine amene ndinachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri sindinamuonepo, maso anga onse anali pa Yona.

A Nyirongo anapepesa amayi n'kumapita. Tinameta bwinobwino, amalume anakwera basi, amayi anadya mpaka kupempha zoonjezera. Chithunzi anachipachika pamsomali kuchipinda kwawo.

Patapita masiku a Nyirongo anabwera kunyumba kuno, chipewa chili m'manja. Anati, a Thole, Martha sanajambulitsepo chibadwire, ankangoti adzajambulitsa akadzanenepa. Anati ana akuyamba kale kufunsana kuti amayi awo anali ndi mpata m'mano kapena ayi. Anapempha kuti awatsukireko chimodzi.

Atachoka tinakangana. Ine ndinati uwu ndi msampha, akufuna umboni wogwira m'manja. Alamu ako anati maso a munthu wofedwa sanama. Ndinati ndiye muwakulitsire Martha yekha. Anandikumbutsa za mchenga uja. Ndinati ndiye akanizeni, muwauze kuti mankhwala otsukira atha. Anati munthu wokaniza tcheyamani ndiye amaoneka kuti akubisa kanthu, ndipo pamenepo ndinaona kuti nawonso ali ndi mantha. Anatsuka chonse n'kukawapatsa.

Sabata yatha, m'mawa, anthu ovala bwino anafika kusitudiyo. Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi amene anabwera kudzandiuza kuti alamu ako awatenga pagalimoto pamodzi ndi kamera ndi chitini cha mabisiketi chija. Anati anapempha kaye kuti atseke chitseko, ndipo anawalola.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pano pazizira. Anthu omwe aja ankaseka podziona pachithunzi akumalambalala mpanda wathu. Amene alimba mtima amabwera ngati akupempha moto, n'kunong'oneza kuti kodi nkhope zawonso zilembedwa. Tamara ndinamuuza kuti bambo ake apita kukajambula ukwati ku Nkhata Bay. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti bwanji asiya nsapato zawo zopolisha.

Ndinayenda maofesi mpaka mapazi kutupa, kulikonse akuti sakudziwa. Kenako anandiitana okha ku ofesi ina yopanda chikwangwani. Bambo amene ndinamupeza anali waulemu, anandipatsa mpando. Anafunsa kuti mwamuna wanga amatumiza zithunzi kwa yani. Anafunsa ngati n'zoona kuti ndili ndi m'bale ku Zambia, dzina lake ndani, analemba liti komaliza. Ndinati mng'ono wanga amangolemba za mphuno ya mwana wake.

Kenako anatulutsa chithunzi cha mzere wa palafini n'kuchiika patebulo. Eness, pachithunzipo panali bowo. Pamene panaima Martha panadulidwa.

Ndipo si kudula kwa munthu waukali ayi. Anadula ndi lezala, pang'onopang'ono, kutsata duku, kutsata mimba, mpaka botolo la m'manja mwake osalisiya. Ine ndinayesapo kudula munthu pachithunzi chimenechi, ndikudziwa mmene kumavutira. Amene anadula Martha anakhala pansi n'kufatsa, mwina akulira. Atamaliza anatenga chotsalacho n'kukachipereka.

Ndiye undiuze, mng'ono wanga, poti iwe unapita patali ndi sukulu. Ameneyu ndi mdani kapena ndi namfedwa mnzathu? Ndimafuna kumuda ndi mtima wonse kuti mwina ndipepukidwe, koma ndikatseka maso ndimaona lezala likuzungulira duku la Martha.

Dzana a Nyirongo anabwera kuno. Sanalowe, anaima pampanda. Anati, phepani mama, anthu ambiri anandiona ndikuchiyang'ana, na ine nili na ŵana. Anaika pansi botolo lodzaza palafini n'kumapita. Ndinalinyamula kuti ndikalikhuthulire kudzala. Ndinafika kudzalako n'kubwerera nalo, poti Tamara ali pafupi ndi mayeso ndipo amawerengera kuwala kwa mbaula. Taona mmene ndasandukira.

Ku ofesi kuja anandiuza chinthu chimodzi. M'chitini apezamo mafilimu onse kupatula ya mzere wa palafini, ndipo amva kuti kunyumba kuli chithunzi china chachikulu chimene anthu anachiona. Ndikabweretsa ziwirizo, filimu ndi chithunzi chathunthu chosadulidwa, aona kuti palibe chapita kunja, ndipo nkhani ya mwamuna wanga ikhoza kupepuka. Sanati amutulutsa. Anati ikhoza kupepuka.

Filimuyo sinavute, inali m'kachipinda kotsukira. Chovuta chinali cha kuchipinda kwa amayi. M'mawa uliwonse amachipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kumuuza Yona mmene kwachera. Kudepoti anasiya. Ndinkadzifunsa kuti ndikawalanda, kodi sabwererako?

Ndinaganiza zochiba iwo ali kutchalitchi n'kunamizira akuba. Ndinaganiza zokanama ku ofesi kuti tinachiotcha. Ndinaganizanso zokuikira filimuyo mu envulopu muno kuti Yona akakhaleko kwinakwake, ndiye ndinakumbukira kuti chimenecho ndicho akuwaganizira alamu ako. Ndinasowa pogwira. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wangawu wangokula, nzeru mulibe.

Lero m'mawa ndinagwada pamphasa pawo n'kuwauza zonse osabisa. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena andithamangitsa. Anangondifunsa ngati apongozi awo ali ndi chofunda kumene aliko. Ndinati sindikudziwa.

Anaimirira okha n'kuchotsa chithunzi pamsomali. Anakhala nacho pamiyendo, kuchiyang'ana kuyambira kumapeto kwa mzere mpaka pakhomo, munthu aliyense, chala chikutsata ngati akuwerenga Baibulo. Atafika pa Yona anakhalitsa. Kenako anachitembenuza, nkhope pansi, n'kundipatsa.

Anati nkhope ya maliro saisunga m'nyumba. Umaiona kamodzi, umatsanzika, adzukulu n'kutseka bokosi. Anati iwo anapempha kuona, mkamwini wawo wawaonetsa, tsopano ndipite ndikatenge wamoyoyo. Anandipatsanso bulangete lija ankafunda amalume kuti ndinyamule.

Ndipita mawa. Sindikudziwa ngati ndibwera nawo alamu ako kapena ndikangotaya zonse, mwamuna ndi mlongo yemwe. Sindikudziwa ngati amayi alimbadi mtima kapena akungondichitira chifundo, mkuja n'kudzawapezanso kudepoti. Sindikudziwanso ngati a Whyte adzandithokoza. Munthu amene uja akhoza kutuluka n'kundifunsa kuti filimu ndinaperekeranji.

Tsopano pempho langa. Unalemba kuti mwana akalimba khosi ubwera kudzaona manda. Usabwere, Eness, ndagwira mwendo wako. Dzina lako alidziwa kale, ndipo ukaoneka kuno ndi chikwama cha ku Zambia udzawamangitsa kawiri alamu ako. Usatumizenso kanthu, ngakhale sopo amene unalonjeza. Ndikudziwa kuti ndikukumana manda a mlongo wako monga mmene ife anatimanira nkhope yake, ndipo mtima ukundiwawa polemba izi. Zikadzazizira ndidzakuitana ndekha.

Koma pa ife tonse ndiwe wekha amene sunaone nkhope, ndipo chithunzi chikupita mawa. Chili pano pambali panga pakhonde, dzuwa likadalipo. Ndachitembenuzanso, amayi asamve. Khala pansi, goneka mwanayo, ndikudutsitse pampando.

Waima chopendekera, thupi lonse pa mwendo wamanzere. Wavala malaya amizeremizere aja unamutumizira, batani la pamimba palibe, ndipo manja wapinda mosalingana. Tsitsi wameta la usilikali, choncho makutu aja tinkamuseka nawo ali poyera. Chipsera cha pachibwano, cha tsiku lija unamugwetsa mumtengo wa mapeyala tikukhala ku Lupaso, sichikuoneka, koma ndikudziwa pamene chili.

Dzanja lamanja lili paphewa pa amayi. Lamanzere lakweza botolo m'mwamba ngati wapambana mpikisano, botolo lopanda kanthu. Kukamwa kuli yasa, akunena chinachake, ndipo onse omuzungulira atembenukira kwa iye. Amayi akuyesa kukwiya koma masaya akana. Mvula inali itangokata, mapazi a onse ali m'matope. Sakuyang'ana kamera. Sakudziwa kanthu, Eness, akungoseka.

Wamuona? Ameneyo ndiye Yona wathu. Lira tsopano, umeteko tsitsi pang'ono kumeneko, utsanzike. Ine ndikutseka.

Upereke moni kwa alamu anga, uwauze asunge pakamwa ngakhale pamowa. Kakhandako undipsompsonere pamphuno pomwepo. Amayi akuti uzimwa thobwa lambiri kuti mkaka usathe. Tamara akuti moni kwa amayi aang'ono. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka a Whyte, kuti kumene aliko kusazizire kwambiri. Mulungu amene amadziwa nkhope zathu tonse akusungeni.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Nelia, make Tamara